Kuuma ndi Kutsekeka kwa Mitsempha ya Magazi: Zofunika Kudziwa kwa Anthu a m'Chigwa cha Shire

Unduna wa Zaumoyo ukudziwitsa alimi, ochita malonda ndi anthu onse a m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje za nthenda ya kuuma ndi kutsekeka kwa mitsempha ya magazi, yomwe madokotala amaitcha atherosclerosis. Nthendayi ndi gwero la matenda ambiri a mtima, kufa kwa ziwalo komwe ambiri amati sitiroko, kuwonongeka kwa impso, ndiponso zilonda za kumapazi zimene nthawi zina zimadulitsa mwendo. Imakula mwakachetechete kwa zaka zambiri popanda ululu, kotero kuti anthu ambiri amaizindikira itawononga kale. Komabe zinthu zimene zimaifulumizitsa n'zodziwika, zimayezeka pa zipatala za m'chigwachi, ndipo zambiri mwa izo zimapeweka.

Kodi nthendayi n'chiyani?

Mtima wa munthu wamkulu umagunda pafupifupi ka 100,000 pa tsiku, kupopa magazi okwana malita pafupifupi 5 amene amazungulira thupi mosalekeza. Mitsempha ya magazi ili m'magulu awiri akuluakulu: ina imachotsa magazi kumtima n'kupita nawo ku ziwalo, ina imawabweza kumtima. Nthendayi imagwira gulu loyambalo.

Mtsempha wabwinobwino umakhala wosalala m'kati ndiponso wotanuka, moti umafufuma ndi kubwerera mtima ukamagunda. M'kati mwakemo muli kachikopa kopyapyala kwambiri. Kachikopaka kakavulazidwa ndi kuthamanga kwa magazi, shuga wochuluka kapena poizoni wa mu fodya, mafuta ena a m'magazi otchedwa cholesterol amalowerera m'khoma la mtsemphawo. Asilikali a m'thupi amathamangira pamalopo kukameza mafutawo, koma ambiri amafera pomwepo. M'kupita kwa zaka, mafuta, asilikali akufawo ndi kashiamu zimaunjikana n'kupanga chibuma m'khoma la mtsempha. Khomalo limanenepa ndi kuuma, ndipo njira ya magazi imachepa.

Alimi a mthirira a ku Kasinthula, Nkhate ndi Muona amadziwa zimene zimachitika matope akadzaza ngalande: madzi amachepa, ndipo ndime zakumapeto ndizo zimayamba kufota. Ndi mmene zimakhaliranso ndi ziwalo zimene zikulandira magazi ochepa. Kusiyana kwake n'kwakuti matope a m'ngalande amakokoleka ndi fosholo, pamene chibuma cha mafuta chimamera m'kati mwa khoma lenilenilo. Palibe chakumwa kapena mankhwala a pamsika amene angachitsuke.

Chibumachi chimavulaza m'njira ziwiri. Yoyamba ndi yapang'onopang'ono: njira ikachepa kwambiri, chiwalo chimasowa magazi okwanira, makamaka munthu akamagwira ntchito yolemetsa. Yachiwiri ndi yadzidzidzi: chibuma chimang'ambika, magazi amaundana pamalopo, ndipo mtsempha umatsekeka m'mphindi zochepa. Ngakhale chibuma chimene sichinkapereka chizindikiro chilichonse chikhoza kung'ambika motere. N'chifukwa chake munthu amene m'mawa anali kudimba ali bwinobwino akhoza kugwa madzulo ake.

Mbiri yake mwachidule

Dzina loti atherosclerosis linachokera ku mawu awiri a Chigiriki, otanthauza phala ndi kuuma, chifukwa chibuma chikadulidwa m'kati mwake mumaoneka ngati phala. Analiyambitsa ndi dokotala wa ku Germany, Felix Marchand, m'chaka cha 1904. Mu 1913 katswiri wa ku Russia, Nikolai Anichkov, anasonyeza kuti akalulu odyetsedwa cholesterol wambiri amachita zibuma zotere m'mitsempha yawo.

Nthendayi si yatsopano, pakuti inapezeka ngakhale m'mitembo youmikidwa ya anthu a ku Egypt amene anamwalira zaka zikwi zapitazo. Si ya okalamba okhanso. Mu 1953 madokotala amene anapima matupi a asilikali achinyamata a dziko la America ophedwa pa nkhondo ya ku Korea anapeza kuti oposa theka anali atayamba kale kuchita zibuma m'mitsempha ya mtima, ngakhale ambiri anali a zaka za m'ma 20.

Kukula kwa vutoli

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linati m'chaka cha 2019 matenda a mtima ndi mitsempha anapha anthu pafupifupi 17.9 miliyoni, kutanthauza pafupifupi imfa imodzi mwa zitatu zilizonse pa dziko lapansi. Imfa zoposa zitatu mwa zinayi zilizonse zotere zimachitika m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene.

Kuno ku Malawi, kafukufuku wa STEPS amene Undunawu unachita mogwirizana ndi WHO mu 2009 anapeza kuti mwa anthu a zaka 25 mpaka 64, mmodzi mwa atatu aliwonse anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo oposa 9 mwa 10 aliwonse a iwo sankalandira chithandizo. Pafupifupi 6 mwa anthu 100 aliwonse anali ndi matenda a shuga, pafupifupi 9 mwa 100 anali ndi cholesterol wokwera, ndipo bambo mmodzi mwa anayi aliwonse ankasuta fodya. Kuthamanga kwa magazi kunapezeka kumudzi ndi m'tauni momwe. Pa kalembera wa 2018, boma la Chikwawa linali ndi anthu oposa 560,000 ndipo la Nsanje pafupifupi 300,000. Choncho n'zachidziwikire kuti m'maboma awiriwa muli anthu zikwizikwi amene mitsempha yawo ikuwonongeka iwo osadziwa.

Ziwalo zimene zimakhudzidwa ndi zizindikiro zake

*Mtima.* Mitsempha yodyetsa mtima ikachepa njira, munthu amamva kulemera kapena kufinya pachifuwa akamalima, akamapalasa njinga yolemedwa ndi katundu kapena akamakwera chitunda, ndipo ululuwo umatha akapuma. Nthawi zina umafalikira kudzanja lamanzere, m'khosi kapena m'nsagwada. Ululu ukapitirira mphindi 15 ngakhale munthu atapuma, makamaka pamodzi ndi thukuta lozizira, befu kapena nseru, ndiye kuti mwina mtsempha watsekekeratu. Amayi, okalamba ndi odwala shuga nthawi zina samva ululu woonekera koma kufooka, kubanika kapena kuwawa kwa pamwamba pa mimba.

*Ubongo.* Mtsempha wopita ku ubongo ukatsekeka, mbali ina ya ubongo imayamba kufa. Zizindikiro zake zimabwera mwadzidzidzi: kukamwa kumakhota, dzanja kapena mwendo wa mbali imodzi umalefuka, kulankhula kumavuta, ndipo ena amasiya kuona bwino. Zizindikirozi zikatha zokha patapita mphindi kapena maola ochepa, munthu asati wachira. Limenelo ndi chenjezo lakuti sitiroko yaikulu ikhoza kubwera m'masiku ochepa. Dziwaninso kuti sitiroko ina imadza chifukwa cha kuphulika kwa mtsempha mu ubongo, ndipo nayonso kawirikawiri gwero lake ndi kuthamanga kwa magazi.

*Miyendo.* Munthu amamva kukokana kwa akatumba akayenda mtunda, n'kusiya akaima pang'ono. Mapazi amazizira, ndipo kachilonda ka munga kapena ka khasu kamakana kupola. Chala chikayamba kuda, ndiye kuti magazi asiya kufikako.

*Impso.* Zikamalandira magazi ochepa zimafooka pang'onopang'ono, ndipo nazo zimakwezanso kuthamanga kwa magazi. Zikaferatu, wodwala amafunika makina osefa magazi, amene m'chigawo cha kummwera amapezeka ku Blantyre.

*Mphamvu za abambo.* Kufooka kwa abambo m'banja nthawi zina ndi chizindikiro choyamba chakuti mitsempha yayamba kuuma, ndipo chimatha kuoneka zaka zingapo vuto la mtima lisanadziwike. M'malo mogula mankhwala a mphamvu pamsika, ndi bwino kukayezetsa.

Zimene zimafulumizitsa nthendayi

Pali zina zimene munthu sangazisinthe: kukula kwa msinkhu, kukhala mwamuna, kusiya kusamba kwa amayi, ndiponso kubadwira m'banja limene makolo kapena abale anadwala mtima kapena kufa ziwalo asanakalambe. Koma zikuluzikulu ndi zimene zimatheka kuzichepetsa.

*Kuthamanga kwa magazi.* Ichi ndicho chiopsezo chachikulu m'dziko muno. Muyeso wabwino umakhala pafupi ndi 120/80. Ukafika 140/90 kapena kuposa pa masiku awiri osiyana, munthu ali ndi vutoli, ngakhale asamve mutu kapena chizungulire. Amayi amene magazi awo anathamanga ali oyembekezera ayenera kupitiriza kuyezetsa ngakhale atabereka.

*Mchere.* Mchere wambiri umakweza kuthamanga kwa magazi. WHO imalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 pa tsiku, omwe ndi pafupifupi supuni yaing'ono imodzi, kuphatikiza mchere wa m'zakudya zonse. M'chigwa cha Shire mchere umalowa m'thupi m'njira zambiri: nsomba zouma zothira mchere, kanyenya ndi chipisi zowaza mchere pamwamba, zokometsera ndiwo za m'mapaketi, ndi soda wophikira therere. Kuwonjezera apo, madzi a m'mijigo ina ya m'chigwachi ndi amchere, ndipo mchere umenewo umawonjezera pa wa m'ndiwo.

*Matenda a shuga.* Shuga wochuluka m'magazi amawononga kachikopa ka m'kati mwa mitsempha. Ludzu losatha, kukodza pafupipafupi ndi kuwonda popanda chifukwa ndi zizindikiro zofunika kuyezetsa. Tiyi wothira masupuni ambiri a shuga ndi zakumwa zotsekemera za m'mabotolo zimanenepetsa, ndipo kunenepa, makamaka kwa mimba, kumatsegulira njira nthendayi.

*Fodya.* Ndudu za m'sitolo, chingambwe ndi fodya wamphuno zonse zimavulaza mitsempha, ndipo utsi umavulazanso amene ali pafupi ndi wosutayo. Munthu akasiya kusuta, pakatha chaka chimodzi chiopsezo chake cha nthenda ya mtima chimatsika kufika pafupifupi theka la cha wosuta. Utsi wa nkhuni m'khitchini yopanda mawindo nawonso umawononga mtima ndi mapapo.

*Mafuta.* Chigwa cha Shire ndi dera la ng'ombe ndi mbuzi, ndipo nyama imapezeka mosavuta pa misika monga Dyeratu, Nchalo, Ngabu ndi Bangula. Vuto si nyamayo, koma kudya kawirikawiri mafuta ake oyera, zam'kati zonona, ndi zakudya zokazingidwa m'mafuta amene atenthedwa mobwerezabwereza mpaka kuda.

*Mowa.* Kumwa kwambiri kachasu, uchema kapena mowa wa m'mabotolo kumakweza kuthamanga kwa magazi ndi kufooketsa mtima.

*Kukhala pansi nthawi yaitali.* Mlimi amagwiritsa ntchito thupi lake, koma wamalonda amene amakhala pa benchi kapena m'golosale kuyambira m'mawa mpaka madzulo, n'kubwerera kunyumba pa njinga yamoto, sapatsa mtima wake ntchito yokwanira.

*HIV.* Kafukufuku amene anachitika pa chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre, n'kufalitsidwa mu 2016, anapeza kuti kuthamanga kwa magazi ndi kachilombo ka HIV ndizo zinthu ziwiri zikuluzikulu zobweretsa sitiroko mwa akuluakulu a ku Malawi. Amene ali ndi kachilomboka ayambe ma ARV msanga chitetezo chisanatsike, amwe mokhulupirika, ndipo apemphe kuyezedwa kuthamanga kwa magazi akapita kukatenga mankhwala.

Njira zopewera

Zakudya zoteteza mitsempha ndi zomwe alimi a m'chigwachi amalima kale. Nsima ya mapira, ya mchewere kapena ya mgaiwa imaposa ya ufa woyera. Nandolo, khobwe ndi nyemba zimathandiza kuchepetsa cholesterol. Nsinjiro ndi chitowe zili ndi mafuta abwino. Nsomba zaziwisi za mu Shire ndi m'dambo la Elephant Marsh, zikaphikidwa kapena kuwotchedwa m'malo mokazingidwa, ndi ndiwo zabwino za mtima. Masamba monga nkhwani, chisoso, bonongwe, kholowa ndi cham'mwamba, ndiponso zipatso monga masau, malambe, bwemba, mango ndi mapapaya, zisamasowe pakhomo m'nyengo yake.

Nsomba zouma zamchere muziyamba mwazinyika m'madzi n'kutaya madziwo musanaphike. Gwiritsani ntchito mchere wa ayodini, koma wochepa, ndipo musamaike mbale ya mchere pamphasa podya. Lilime limazolowera mchere wochepa m'masabata owerengeka. Kumene kuli mjigo kapena mpope wa madzi opanda mchere, madzi akumwa ndi ophikira azitungidwa kumeneko, makamaka pakhomo pamene pali wodwala kuthamanga kwa magazi. Chotsani mafuta oyera pa nyama musanaphike. Ophika chipisi, mandasi ndi kanyenya akupemphedwa kusintha mafuta pafupipafupi ndi kusiyira wogula kuti athire yekha mchere.

Munthu wamkulu aliyense ayenera kugwiritsa ntchito thupi kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata, monga kuyenda ndawala kapena kupalasa njinga kwa mphindi 30 masiku asanu. Poti m'miyezi ya October ndi November kutentha m'chigwachi kumapitirira madigiri 40, nthawi yabwino ndi m'mamawa kapena madzulo. Odwala mtima apewe ntchito zolemetsa dzuwa lili paliwombo, chifukwa kutentha kwambiri ndi kutha kwa madzi m'thupi zimalemetsa mtima.

Makolo akumbukire kuti m'mera mpoyamba. Mwana wozolowera zakumwa zotsekemera ndi tizakudya tamchere ta m'mapaketi amakula nacho chizolowezicho.

Kuyezetsa ndi chithandizo

Kuyeza kuthamanga kwa magazi kumatenga mphindi zochepa, sikupweteka, ndipo pa zipatala za boma n'kwaulere. Munthu wamkulu aliyense, makamaka wopitirira zaka 40, ayezetse kamodzi pa chaka ngakhale akumva bwino, ndipo aonetsetse kuti muyesowo walembedwa m'buku lake la kuchipatala. Chithandizo chimapezeka pa zipatala za boma za Chikwawa ndi Nsanje, pa chipatala cha Ngabu, pa zipatala za mishoni monga Montfort ku Nchalo, Kalemba ku Bangula ndi Trinity ku Muona, ndiponso pa zipatala zing'onozing'ono za m'madera. Ofunika kupimidwa mozama amatumizidwa ku chipatala cha Queen Elizabeth.

Chibuma chimene chinapangika kale sichitheratu, koma chithandizo chimaletsa kuti chisakule ndiponso chimachepetsa mpata woti ching'ambike. Dokotala akhoza kupereka mankhwala otsitsa kuthamanga kwa magazi monga hydrochlorothiazide, amlodipine kapena enalapril, a shuga monga metformin, ochepetsa cholesterol a gulu la statin, ndiponso asipirini kwa amene akufunikira. Mankhwalawa ndi akumwa tsiku ndi tsiku, ndipo kwa ambiri ndi a moyo wonse. Muyeso ukatsika, ndiye kuti mankhwala akugwira ntchito, osati kuti nthenda yatha. Musabwerekane mankhwala ndi anzanu, ndipo musayambe nokha kumwa asipirini tsiku ndi tsiku, chifukwa akhoza kuyambitsa kutaya magazi m'mimba.

Zochita pa ngozi yadzidzidzi

Munthu akakhota kukamwa, akalefuka mbali imodzi, akalephera kulankhula kapena akamva ululu wa pachifuwa wosatha, mutengereni kuchipatala chapafupi nthawi yomweyo, usana kapena usiku. Musadikire kuti kuche kapena kuti achibale asonkhane. Kumbukirani nthawi imene zizindikiro zinayamba ndipo mukauze achipatala. Wakufa ziwalo musamupatse chakudya, madzi kapena mankhwala alionse pakamwa, chifukwa akhoza kutsamwa. Musamupatsenso asipirini, pakuti ngati mtsempha waphulika mu ubongo, asipirini amawonjezera vutolo. Ngati wakomoka koma akupuma, mugonekeni chammbali. Kuchokera pa boma la Chikwawa kufika ku Blantyre pali makilomita pafupifupi 50, ndipo kuchokera ku Nsanje pafupifupi 180. Choncho ola lililonse lotayika pakhomo limachedwetsanso ulendo wa ku chipatala chachikulu ngati utafunika.

Wochira ku sitiroko amafunika masewera olimbitsa ziwalo, kumutembenuza pafupipafupi pogona kuti asachite zilonda, ndiponso kumwa mankhwala kuti sitiroko isabwerenso. Ambiri amayambanso kuyenda ndi kulankhula akathandizidwa moleza mtima.

M'nyengo ya madzi osefukira

Madzi osefukira a mu January 2015, ndiponso anamondwe a Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023, anadula misewu ndi kusamutsira mabanja ambiri a m'chigwachi kumisasa. Pa nthawi zotere odwala matenda a mgonagona amataya mabuku ndi mankhwala awo, ndipo kusiya mankhwala mwadzidzidzi kumakweza chiopsezo cha sitiroko. Mvula isanayambe, makamaka kwa okhala kutsidya la kum'mawa kwa Shire ndi m'madera otsika monga Makhanga, kambiranani ndi achipatala za mankhwala okwanira. Sungani buku la kuchipatala ndi mankhwala m'pepala la pulasitiki lomanga bwino, pamalo osavuta kutenga pothawa. Uzani wachibale mmodzi mayina a mankhwala anu, ndipo mukafika pamsasa dziwitsani azaumoyo tsiku lomwelo.

Zikhulupiriro zofunika kuzikonza

Ena amati iyi ndi nthenda ya anthu olemera, onenepa ndi a m'tauni. Zoona zake n'zakuti mlimi wowonda amene amasuta, amadya mchere wambiri kapena ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi alinso pa chiopsezo.

Ena munthu akafa ziwalo mwadzidzidzi amati wamenyedwa ndi hamala ya afiti. Kugwa kwadzidzidziko kumachitika chifukwa mtsempha watsekeka kapena waphulika mu ubongo. Chikhulupirirochi chimachedwetsa wodwala kufika kuchipatala, komanso chachititsa kuti okalamba osalakwa azunzidwe. Malamulo a dziko lino amaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti.

Enanso amagulitsa zakumwa ndi ufa zimene amati zimatsuka mitsempha. Adyo, mandimu ndi cham'mwamba ndi zakudya zabwino, koma sizilowa m'malo mwa mankhwala a kuchipatala.

Pempho la Unduna

Unduna ukupempha mafumu, atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, makomiti a misika, makalabu a alimi a thonje, mpunga ndi nzimbe, ndiponso magulu a banki m'khonde kuti azipatula nthawi pa misonkhano yawo yokambirana za nthendayi, ndi kugwirizana ndi alangizi a zaumoyo a m'madera awo pa nkhani yoyeza anthu. Masiku a 17 May, lokumbukira vuto la kuthamanga kwa magazi, ndi 29 September, lokumbukira umoyo wa mtima, ndi mpata wabwino wochitira zimenezi.

Akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma. Aliyense amene sanayezetse kuthamanga kwa magazi m'chaka chino akupemphedwa kutero pa chipatala chimene ali nacho pafupi, ndipo atenge mnzake wa m'banja kapena kholo lake kuti akayezetse limodzi.